Denga la Amayi, Nkhuku za Eni

1. Zatsala 70

Loweruka m'mawa Tithokoze anawerenga nkhuku katatu, ngati kuti kuwerengako kungadzutse zakufa. Katatu konse zinali 70. Pa nkhuku 100 zimene ankawetera Amayi Asiyatu, 30 zinali zitapita ndi chitopa. M'khola la pambali, m'mene munali anapiye akeake 50, munangotsala utuchi ndi fungo.

Tithokoze anali mtsikana wa Fomu 3 wa ku Bangwe, kumtunda kwenikweni kumene ngakhale a kabaza amayamba adandaula asanakwere. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 7. Anasiya nyumba ya zipinda ziwiri yofolera ndi malata khumi ndi awiri, amene anagula limodzilimodzi pa zaka zinayi za ulonda ku Limbe. Kunsi kwa lata lililonse analemba ndi penti yofiira mwezi ndi chaka chimene analigula.

Amayi ake, a Monika, ankagulitsa nthochi pamsika. Sabata imeneyo anali kumaliro ku Chikwawa.

Za nkhukuzi zinayamba bwinobwino. Amayi Asiyatu, mayi wachisilamu amene anali ndi shopu ya chakudya cha nkhuku pamsika wa Bangwe, ndiwo ankapereka anapiye, chakudya ndi katemera. Tithokoze ankapereka khola ndi manja ake. Pangano linali lalifupi. Phindu agawana pakati. Nkhuku zikafa popanda chinyengo kapena kusasamala, waluza ndi mwini mpamba. Ndipo pafupi ndi kholalo pasabwere nkhuku yachilendo ngakhale imodzi.

Ulendo woyamba phindu linakwana K240,000, aliyense n'kutenga K120,000. Yunifolomu, nsapato ndi zonse zofunika kusukulu zinagulidwa tsiku limodzi. Mwana wina akanavina. Koma Tithokoze anafika kunyumba nkhope ili ndwii.

"Wokolopa m'khola ndine, wotunga madzi ndine, wodzuka m'bandakucha ndine," anadandaula kwa amayi ake. "Iwo angokhala m'shopu, kenako n'kutenga theka!"

"Mwana iwe, tseka pakamwa pako usanatsekedwe," anatero a Monika. "Tsiku limene unkayamba unalibe ngakhale nthenga ya nkhuku. Mayi uja anakupatsa katundu wa ndalama zambirimbiri osakufunsa chikole. Anakukhulupirira chifukwa amationa pamsika kuti sitiba sikelo. Ukuti wangokhala? Nanga nkhukuzo zikanafa, akanalira ndani? Ine ndaona azimayi anzanga akuthawa nyumba zawo chifukwa cha ngongole zimene zinayamba ndi kumwetulira. Wina anagulitsa mpaka bulangete la ana. Ndikukuuza lero, munthu amene akufuna kugawana nawe phindu akufunanso kuti phindulo lipezeke. Uziopa amene safunsa n'komwe za mmene bizinesi yako ikuyendera."

Mawu amenewa analowa khutu ili n'kutulukira linali. Tsoka lake, madandaulo a Tithokoze anakafika kwa amalume ake, a Venansio.

2. Pepala la amalume

A Venansio anali mchimwene wa a Monika, bere limodzi. Lamulungu ankakhala benchi ya kutsogolo m'tchalitchi, tayi ali pakhosi, n'kumaimba mokweza kuposa kwaya. Lolemba ankayenda ndi kachikwama kakuda kodzaza makhadi a kubanki a anthu ena. Bangwe yense ankadziwa kuti ntchito yawo ndi katapila, koma pamaso pawo aliyense ankangoti "abwana".

"Mwana wa mlongo wanga, akukudyera masuku pamutu," anamuuza tsiku lina atakumana naye panjira. "Mayi uja amati satenga chiwongoladzanja, koma wakutengera K120,000 yathunthu. Kusiyana kwake n'kuti? Ine ndikupatsa K200,000, ugule anapiye akoako. Pakutha pa mwezi undibwezera yanga ndi kapamwamba pang'ono, phindu lonse n'lako. Sindidzakufunsa kuti wagulitsa zingati. Ufulu umenewo!"

Kapamwamba pang'ono kameneko kanali theka la ngongole mwezi uliwonse. A Venansio anang'amba pepala m'kope n'kumuuza zolemba, iye n'kumalemba ndi dzanja lake lokongola la kusukulu. Mzere womaliza unati: "Chikole ndi malata a nyumba yathu."

"Zachikolezi ndi mwambo chabe," anaseka a Venansio akupinda pepalalo. "Ine ndingasasule denga la mlongo wanga?"

Pofuna kuti ndalama ikwanire matabwa, waya ndi chakudya, Tithokoze anagula anapiye otchipa kwa bambo wina wa katoni pamsewu ku Limbe. Za katemera sanafunse. Anawaika kuseri kwa nyumba, n'kuwalekanitsa ndi nkhuku za Amayi Asiyatu ndi masaka okha, ngati kuti matenda amaopa saka. Anawanamiza amayi ake kuti onsewo ndi a kushopu.

Patatha masabata atatu anapiye aja anayamba kuwodzera n'kupinda makosi. M'masiku anayi onse anatha, ndipo matenda anadumphira mbali inayo. Tithokoze anatumiza uthenga kushopu wakuti nkhuku zikufa, koma sananene chimene chinabweretsa matenda. Amayi Asiyatu anatumiza mankhwala, n'kunena kuti zikakhwima abwere ndi chiwerengero cha zotsala. Tsiku lake linali Loweruka lomweli.

Potuluka m'khola muja, Tithokoze anapeza amalume ake ataima pabwalo, maso ali padenga. Ankawerenga malata ndi chala.

"Mwadzuka bwanji amalume?"

"Ndadzuka ndi ngongole za anthu. Yako yafika K450,000."

"Bwanji amalume? Pangopita masabata asanu ndi limodzi!"

"Mwezi woyamba inafika K300,000, sunalipire. Wachiwiri wayamba. Kwa ine mwezi ukangoyamba ndiye kuti ndi wathunthu. Paja masamu umakhoza, werengera wekha."

"Koma anapiye onse anafa. Munaona ndi maso anu."

"Anafa ndi anapiye. Ndalama yanga sinadwale chitopa."

Tithokoze anawayang'ana kumaso. Munthu ameneyu ndi amene anamunyamula pa ubatizo wake, lero akulankhula ngati sakumudziwa. A Venansio anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Komabe ndine malume wako, sindingakusiye pamoto. Tamvera. Mayi uja suja amati nkhuku zikafa waluza ndi iye? Chipembedzo chake ndicho chimamuuza choncho, si ine. Ndipo ndi mwendo wake wotupa uja, kumtunda kuno sangakwere. Ukamuuze kuti zatsala twente faifi. Fote faifi zinazo ndibwera ndi anyamata masana kudzatenga, imodzi K10,000, ngongole yatha. Pepala ndikupatsa ung'ambe wekha, mayi ako sadziwa kanthu. Ukakana, ndibwerabe ndi anyamata omwewo, koma ndi makwerero."

Atatero anapukuta nsapato yawo paudzu n'kumapita. Unali mwezi wa Disembala, ndipo pamwamba pa phiri la Bangwe mitambo inali itayamba kale kuda.

3. Matumba a chakudya

Njira yonse yotsikira kumsika milomo ya Tithokoze inkangoyenda. Ankayeserera kunena "twente faifi" kuti pofika lisamukole pakhosi.

Anapeza Amayi Asiyatu atakhala pa thumba la chakudya cha nkhuku, mwendo wotupawo atausanjika pa kireti. Anali mayi wamkulu thupi, wa mpango wobiriwira, manja ali mbuu ndi fumbi la m'matumba. Pensulo anaisomeka mumpango pafupi ndi khutu.

"Wabwera mwanangu? Khala apo. Mayi ako abwerako kumaliro?"

"Sanabwere. Mwina lero."

"Wadya kanthu? Nkhope yakoyo ikuti ayi." Anamunyemera chigumu chimene ankamwera tiyi. "Tsopano usaope kunena. Zofa zafa, ndi chifuniro cha Mulungu. Ine sindikudya iweyo. Zatsala zingati?"

Njira ya bodza inali italambulidwa bwinobwino, mwini nkhuku ndiye wolambula. Tithokoze anatsegula pakamwa. Anayang'ana chigumu chili m'manja mwake, anayang'ananso mwendo uja uli pa kireti. Panja wina ankaitanira tomato.

"Sevente," anatero.

"Zingati?"

"Sevente, amayi. Zafa sate."

Amayi Asiyatu sanalembe kanthu. Anangotembenuza kope lawo n'kumuonetsa. Pansi pa dzina la Tithokoze panali patalembedwa kale 70, ndi kachizindikiro ka funso pambali.

"Mwadziwa bwanji? Munatuma munthu?"

"Ndinatuma matumba," anaseka mayiwo. "Zaka khumi ndi zisanu ndikugulitsa chakudya cha nkhuku. Ndimadziwa kuti nkhuku zingati zimatha thumba m'masiku angati. Sabata ziwirizi watenga chakudya cha nkhuku sevente, osati handiredi, osatinso sate. Koma ndimafuna ndimve pakamwa pako."

Kenako anasiya kuseka.

"Ndikuuze chinthu, mwanangu. Bizinesi ya mtundu uwu ilibe loko, ilibe chikole. Imaima pa lilime la munthu. Chaka chatha ndinapatsa anapiye mnyamata wina wa ku Namiyango. Anabwera akulira kuti zonse zafa, pamene chakudya ankatenga mpaka tsiku lomaliza. Ndinamuyang'ana, ndinati pita. Ndalama ndinaluza, koma chimene chinandipweteka si chimenecho. Pambuyo pake kunabwera ana atatu ofuna kuweta, ndipo onse ndinawabweza chifukwa mtima unali utafa. Mwina anali ana okhulupirika. Lero mmodzi wa iwo ali m'manja mwa akatapila. Wabodza mmodzi amatsekera anzake khomo. Ukanandinamiza lero, ukanatsekera ana a Bangwe ambiri amene sukuwadziwa n'komwe."

Tithokoze anaika chigumu chija pa bondo.

"Amayi, pali china chimene matumba sanakuuzeni."

Ndipo anafotokoza zonse: za anapiye a m'katoni, za masaka, za pepala, za malata, ndi za nkhuku 45 zimene amalume ake ankazidikira masana omwewo.

4. Kusiyana kwake

Amayi Asiyatu anatsitsa mwendo pa kireti. Mtsikana amene ankawathandiza kugulitsa atangoona nkhope yawo anatuluka panja osauzidwa.

"Anapiye a pamsewu! Pambali pa nkhuku zanga! Ndinakuuza kangati? Iwe mwana, mpamba umenewu sindinautole. Ndinayamba ndi kugulitsa madeya pa mbale, dzuwa likundiwotcha pamsika uno. Iwe n'kuutchinga ndi saka?"

Tithokoze anawerama.

"Zikanafa ndi matenda obwera okha, sindikanakufunsa tambala. Koma matendawa unawanyamula wekha pa katoni n'kuwalowetsa pakhomo. Nkhuku sate zimenezo ndi zako. Mtengo wa anapiye ndi chakudya chimene zinadya ndi K90,000. Udzandibwezera."

Apa Tithokoze anadzuka, misozi ili m'maso, ulemu wonse utathawa.

"Ndiye mukusiyana pati ndi amalume? Iwo akufuna ndalama, inu mukufuna ndalama! Ndanena zoona, malipiro ake ndi ngongole ina? Bola ndikanangonena twente faifi!"

"Khala pansi," anatero Amayi Asiyatu. "Funso lako ndi labwino ngakhale walifunsa mwamwano. Ndikuyankha, ndipo usandidule."

Tithokoze anakhala.

"Ulendo woyamba ndinatenga K120,000, n'zoona. Ndinatenga chifukwa phindu linalipo. Ulendo uno nkhuku sevente zikagulitsidwa zingobweza mpamba basi. Iwe supeza kanthu, inenso sindipeza kanthu. Ndalama yanga yagona m'khola mwako pafupifupi miyezi iwiri, koma sindikulipiritsa ngakhale tsiku limodzi. Zikanafa zonse popanda vuto lako, ine ndikanaluza K700,000, iwe n'kuluza thukuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsopano undiuze, amalume ako anaika chiyani pachiswe? Anapiye akanakula, iwo akanadya. Anapiye afa, akudya koposa. Tsoka lako kwa iwo ndi phindu. Ukachedwa amasangalala, ukadwala amasangalala, chifukwa ndalama yawo ikubereka iwo ali khale. Chimenecho ife timachitcha riba, inu mumati katapila, ndipo kwathu n'choletsedwa kulandira, n'choletsedwanso kupereka. Usayese kuti n'za Chisilamu chokha. Ukawafunse akatekisiti ako zimene buku lanu limanena za munthu wokongoza m'bale wake mwa njira imeneyi."

Anamuloza ndi pensulo.

"K90,000 iyi si ya chitopa, ndi ya pangano limene unaphwanya. Chilungamo si kulekerera ayi. Koma tamvetsetsa: lero ndi nainte, chaka chamawa ndi nainte, ukadzakwatiwa idzakhalabe nainte. Sidzakula usiku iwe uli mtulo. Udzabweza pang'onopang'ono pa phindu la maulendo akubwera."

"Maulendo akubwera?"

"Ee. Anapiye ndikupatsanso. Wanena sevente."

Tithokoze anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, koma mtima sunatsike.

"Zonsezo ndamva, amayi. Koma chilungamo chanucho sichifolera nyumba. Masana ano akusasula malata a bambo anga."

Amayi Asiyatu anapisa kuseri kwa matumba n'kutulutsa chitini cha mkaka. Anawerenga ndalama kawiri, akunyowetsa chala.

"Iyi ndi K200,000. Inali yoodera chakudya Lolemba, ndiona mmene ndichitire. Ndikukukongoza popanda kapamwamba. Watenga thu handiredi, udzabweza thu handiredi. Ukawapatse amalume ako, imeneyo ndi yawo ndithu, usawabere. Koma K250,000 inayo sindipereka, ngakhale ikanakhalamo m'chitinimu. Sanaigwirire ntchito. Ndipo tamvera bwino: usawapatse ndalamayi m'manja pepala lisanabwere m'manja mwako, anthu akuona. Ukapupuluma aiponya m'thumba n'kunena kuti imeneyo ndi ya chiwongoladzanja, ngongole ikadalipo. Ndimawadziwa anthu amenewa."

"Nanga akakana?"

"Akhoza kukana. Sindikunamiza, mwanangu. Kunena zoona sikuletsa mvula kugwa."

5. Makwerero

Tithokoze anakwera mtunda uja chothamanga, ndalama atazimanga m'chitenje pamimba. Mphepo yamvula inali itayamba kuulutsa mapepala m'njira.

Pakhomo anapeza amalume ake atafika kale. Mnyamata wawo wina, Eddie, anali atatsitsa madengu atatu onyamulira nkhuku. Winayo, Ricky, anali atatsamiritsa makwerero pakhoma, hamala ili m'thumba la kumbuyo. A Venansio anabwera ndi zonse ziwiri kuti asayende kawiri.

"Wamuuza twente faifi?" anafunsa.

"Ndawauza sevente."

A Venansio anatsonya. "Mwana wopusa ngati bambo ake. Ricky, kwera."

"Dikirani amalume! Ndalama yanu ndili nayo, K200,000 yonse imene munandipatsa. Ndipatseni pepala, ndikupatseni."

Maso a Venansio anawala. Anatambasula dzanja. "Bweretsa kuno tione."

"Pepala kaye."

"Iwe, ukulankhula ndi malume wako! Bweretsa, imeneyo ichepetse kapamwamba. Zotsalazo tikambirana."

Tithokoze anabwerera m'mbuyo, manja ali pamimba. Mawu a kushopu aja anakwaniritsidwa ngakhale ola lisanathe.

Anthu oyandikana nawo anali atayamba kusonkhana kumpanda. Mayi wina anakuwa kuti, "A Venansio, manyazi mulibe? Nyumba ya mlongo wanu, mayi wamasiye!" Koma ambiri anangoyang'ana pansi. Theka la iwo makhadi awo anali m'kachikwama kakuda kaja.

"Chabwino, ndine munthu wachifundo," anatero a Venansio mokweza kuti onse amve. "Bweretsa thu handirediyo, uwonjezere nkhuku twente faifi zokha. Pepala nali. Mayi wa kushopu uja ukamuuze kuti zina zafa usiku. Nkhuku zimafa, ndani sadziwa? Eddie, tenga madengu."

Eddie ananyamula dengu n'kulunjika kukhola. Tithokoze anafika pakhomo la kholalo iye asanafike. Anaima pamenepo, msana utatsamira chitseko cha waya. Kumbuyo kwake nkhuku zinkangodya, osadziwa kuti zili pa mlandu.

"Nkhuku si zanga, amalume."

"Nanga denga ndi lako?"

Funso limeneli linalasa, chifukwa linali loona. Koma Tithokoze pakhomo paja sanasunthe.

"Ricky, yamba."

Msomali woyamba unalira pozulidwa. Wachiwiri, wachitatu. Lata loyamba linatsetsereka n'kugwera pabwalo chagada, ndipo aliyense anaona zilembo zofiira zija: Meyi 2014. Tithokoze anakumbukira tsiku limene bambo ake anabwera nalo lata limenelo pamutu kuchokera ku Limbe, wapansi, posafuna kulipira minibasi. Analira mokweza, osabisa. Koma analira ataima pomwepo.

"Twente faifi zokha," anatero a Venansio. "Ndimuuze atsike?"

"Si zanga."

Lata lachiwiri linagwa. Lachitatu linagwa pamene madontho oyamba a mvula ankayamba kumenya otsalawo. Pamwamba pa chipinda cha a Monika panali poyera, ndipo mvula inkagwera pabedi, pa sutikesi ndi pa chithunzi cha ukwati chimene chinali pakhoma.

Nthawi yomweyo kunamveka njinga yamoto ikubuula pamtunda. Inaima pampanda, ndipo anatsika a Monika, chitenje cha kumaliro chili m'chiuno, kathumba ka mapira kali m'manja. Anthu anapatuka okha.

A Monika anayang'ana denga. Anayang'ana malata atatu ali pansi. Anayang'ana mwana wawo ali pakhomo la khola, kenako mchimwene wawo.

"Achimwene, n'chiyani chimenechi?"

"Usandifunse ine, mlongo wanga. Ine ndimayendera pepala." A Venansio anatulutsa pepala lija n'kuwaonetsa, chala chawo chitagwira ngodya mwamphamvu.

A Monika anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, mvula ikudontha papepalapo. Atafika mzere womaliza anawerenganso kachiwiri.

"Tithokoze. Dzanja ili ndi lako?"

Tithokoze anali atanena kale zoona kamodzi tsiku limenelo, ndipo mtengo wake unali uli pansi apo, malata atatu.

"Ndi langa, amayi."

A Monika anatsinzina. Atatsegula maso anaika kathumba ka mapira pakhonde, n'kuyenda kupita kukhoma. Anagwira makwerero aja ndi manja awiri, anawakoka, n'kuwagoneka m'matope. Kenako anakhalapo.

"Amayi, nanga ine nditsika bwanji?" anakuwa Ricky ali padenga, hamala ili m'manja, mvula ikumukwapula.

"Sutsika. Denga limenelo walitsegula ndiwe, ulitseke ndi msana wako." Anatembenukira kwa anthu a kumpanda. "Inu nonse amene makhadi anu ali m'chikwama icho, lowani, musaime patali ngati si nkhani yanu. Wina athamange kumsika akatenge Amayi Asiyatu, ngakhale pa kabaza, ndilipira ine. Achimwene, inu simuchoka pano. Lero muwerengera pamaso pa anthu mmene K200,000 inaberekera mpaka kudya denga la mwamuna wanga."

A Venansio anakumbatira kachikwama kawo pachifuwa. Anayang'ana kuchipata, koma pachipata panali pataima kale azibambo atatu amene sanawatchulenso kuti abwana.

A Monika anamenya makwerero ndi chikhato, pambali pawo.

"Koma tiyamba ndi iwe, Tithokoze. Bwera ukhale apa. Uyambire pa tsiku limene unandinamiza."